Dongo la pa Pisitoni Yomaliza

"Basi, apa ndalekeza," anatero alamu anga, akuzimitsa makina opalira zitsulo. Hedi, chitsulo chovindikira injini pamwamba, inali gone patebulo, kunsi kwake kukunyezimira ngati mpeni wonola kumene.

"Palaninso pang'ono, alamu. Mukuopa chiyani?"

"Bambo anu anaipala kale kawiri hedi imeneyi. Chitsulo si tsitsi, sichimeranso."

Ndinawaumiriza mpaka anapalanso. Galimotoyo inali ya malemu bambo, yakalekale, ya masilinda asanu ndi imodzi ondandalika mzere umodzi, ndipo hedi yotero sungaipezenso ngakhale utayenda mpaka zidendene kung'ambika. Koma ine ndinkafuna mphamvu. Njira za mpweya ndinali nditazikuza kale ndi kuzisalaza. Chotsala chinali kupala hedi kuti moto uzipanikizika m'masilinda, galimoto ileke kukwera mtunda mwaukalamba. Amayi anandilola monyinyirika. "Ukaipha injiniyo," anati, "wawaika m'manda kachiwiri bambo ako."

Hedi ikapalidwa mopitirira, mavalavu otsegula ndi kutseka njira za mpweya amagunda mapisitoni okwera ndi kutsika m'masilinda, zonse n'kuphwanyika. Choncho tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, tinayesa m'galaja yakunyumba monga ankachitira bambo: kadongo kofewa pamwamba pa pisitoni iliyonse, kenako kumanga hedi, n'kuzungulitsa injini pamanja kuti mavalavu adinde dongolo. Ndinalisalaza ndekha ndi mpeni, chifukwa bambo ankati chala chimanamiza muyeso.

Ndinakoka sipanala. Injini inayenda bwinobwino, ikupuma pang'onopang'ono. Kenako inaima. Sikunamveke kugogoda kwa chitsulo ayi. Inangoima mofewa, monga amachitira munthu wamkulu akakugwira pamkono kuti usawoloke msewu.

Ndinaponda phazi pabampala kuti ndikoke mwamphamvu.

"Musakakamize!" anakuwa alamu. Kenako, motsitsa mawu: "Mlamu, kodi chitseko watseka ndani?"

Chitseko cha galaja, chomwe tinachisiya chotsegula, chinali chotseka. Kunja kunalibe mphepo. Ndinachita mantha, ine bambo wandevu zanga, masanasana.

Tinamasula mabawuti n'kunyamula hedi. Pamapisitoni asanu mavalavu anali atadinda mwaulemu, dongo latsala lokwanira. Pa yomaliza, yakufupi ndi chiwongolero, valavu inali italidula mpaka kutsala kopyapyala ngati khungu la anyezi. Ndikanakoka kamodzi kokha, ikanapindika.

Pambali pa chidindo cha valavucho panali chidindo china. Chala chachikulu, chotakata, chitakanikiza mwamphamvu, mizere yake yonse ikuoneka bwino. Pakati pake panadutsa chipsera chopingasa, chomwe bambo anachitenga tsiku lomwe fani ya injini inawatema.

Alamu anayang'ana zala zawo. Anayang'ana zanga.

"Tiika gasiketi yokhuthala pansi pa hedi kuti ikwereko," ananong'ona, "ndipo hedi imeneyi sidzalowanso pamakina anga."

Ndinangogwedeza mutu.

Chitseko chinatseguka. Anali amayi, atanyamula madzi akumwa. Anaona nkhope zathu, n'kusendera pafupi ndi injini. Anaweramira dongolo nthawi yaitali, ine ndikudikira kuti akuwe kapena agwe. Sanatero.

"Yapulumuka?" anafunsa.

"Yapulumuka, amayi."

Anaika makapu pabenchi n'kuwongola msana. Maso awo anadutsa paphewa langa, n'kukaima pakona yomwe panalibe munthu.

"Nanunso," anatero ndi mawu omwe ndinali ndisanawamvenso chichitikire maliro a bambo, "mukamaliza, musambe m'manja musanalowe m'nyumba mwanga."