Chisanu Chimene Ndinakhalira pa Benchi

Chaka chimene Leif Thordarson anabwera ku timu yathu ya Akhwangwala, ine ndinali nditapitirira zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo maondo anga anali atayamba kulosera nyengo. Ndinagwira pagolo la ku Fort Ansell nthawi yaitali, moti ana amene ndinkawasainira zipewa ali aang'ono anali atayamba kubwera ku masewero ndi ana awo. Ligi yathu ya hoki ya pa ayezi si ija yaikulu imene dziko lonse limaonera. Ndi ligi ya maulendo ataliatali a pa basi, ya matauni a alimi a tirigu. Komabe timalipidwa, ndipo munthu akalipira pakhomo amafuna kuona timu yake ikupambana.

Leif anali mwana wa msodzi wa kumpoto, wa zaka makumi awiri, wamtali ngati mtengo wa magetsi, wosakonda zoyankhula. Tsiku loyamba analowa m'chipinda chovalira atanyamula phukusi la nsomba zowamba, ati mayi ake amuuza kuti akapatse akuluakulu a kumeneko. Chipindacho chinanunkha nsomba mpaka pa Khirisimasi, ndipo anyamata anangomupatsiratu dzina loti Nsomba. Iye sanadandaule nalo.

Ligi itatsala pang'ono kuyamba, mphunzitsi wathu, a Lorne Tymchak, anandiitanira mu kaofesi kawo.

"Khala pansi, Remi. Khofi?"

"Inu mukandipatsa khofi ndiye kuti nkhani yake si yabwino."

"Golo ndikumupatsa mnyamatayu. Iwe uzisewera mwa apo ndi apo kuti iye azipuma."

"Koma mwamuona bwino? Amagwada woponya asanaganize n'komwe zoponya."

"Ndamuona. Ndaonanso manja ake. Zogwadazo umuchotsa ndiwe."

"Ndimuphunzitse kundilanda ntchito?"

"Ntchito akukulanda ndi maondo akowo, osati iyeyu."

Ndinamwa khofiyo, anali wowawa ngati masiku onse. Kunyumba nditafotokozera mkazi wanga Colleen, anangoti, "Ndiye muzikakhala pa benchi mutavala chipewa, osamenyedwa ndi kampira, malipiro ali omwewo? Ine ndikanakhala inu ndikanakawathokoza a Lorne." Sanali kunama, koma munthu amene wazolowera kuima pagolo sakhala bwino pa benchi.

Tinayamba kukumana m'mawa, anzathu asanafike, ayezi atangosalazidwa kumene. Ndinkavala nsapato zotsetserekera pa ayezi za osewera kutsogolo n'kumamuponyera kampira, kenanso, kenanso. Ndinkamuuza chinthu chimodzi chokha: asagwade mpaka kampira katachoka pa ndodo yanga. M'mawamo ankachita bwino zedi. Ndinkalunjika pakona yakumwamba, pamene ndinkadziwa kuti ineyo sindikanafikapo, iye n'kukatola ngati akuthyola chipatso mumtengo. Nthawi zina ndinkaima kaye n'kumuyang'ana.

"Ndalakwitsa pati, madala?"

"Palibe. Bwerera pamalo pako."

Koma anthu akadzaza m'bwalo, magetsi onse atayaka, zam'mawa zija zinkauluka. Ankagwada msanga, kampira n'kudutsa pamwamba pa phewa. Choipa kwambiri chinali chakuti akamwetsedwa chigoli ankatembenuka kuyang'ana ku benchi. Ndinamufunsa za khalidwe limeneli tili pa basi, tikudutsa minda yoyera mbuu ndi chipale.

"Kumene ndinkasewera kale," anatero, "zikalowa ziwiri ankandichotsa. Ndiye ndimayang'ana ngati nthawi yakwana."

"Nanga ukamayang'ana ku benchi, kampira akukayang'anira ndani?"

Anaseka pang'ono, n'kutsamira zenera. Nkhaniyi ndinakawauza a Lorne, iwo anangogwedeza mutu.

Pofika Januwale tinali pansi pa ligi, timu imodzi yokha ndiyo inali kumunsi kwathu. Ine ndikasewera tinkapambana kawirikawiri, ndipo tauni yonse inkaziona. Ku sitolo, ku malo othirira mafuta, ngakhale pakhomo la tchalitchi, anthu ankandikoka dzanja. Mkulu wina wogulitsa mathirakitala anandiuza kuti a Lorne akulera mwana ndi matikiti a anthu. Ndinkangoyankha kuti kunja kwazizira, n'kumapita.

Lamlungu lina masana tinalandira timu ya ku Tessier Falls. Chigawo choyamba chisanathe Leif anali atamwa zigoli zitatu, ziwiri mwa izo zapamwamba pa phewa. M'chigawo chachiwiri zinalowanso ziwiri. Chachisanucho chinali chochititsa manyazi: kampira kanachokera pakati pa bwalo, kakuyenda ngati kakupita ku maliro, n'kumupita pakati pa miyendo. Pamenepo anthu anayamba kuimba dzina langa. Anayamba a kuseri kwa golo, kenako bwalo lonse. Ine ndinali pa ntchito yanga ya masiku amenewo, yotsegulira anzanga kachitseko ka benchi, thaulo lili m'khosi. Ndinkamva dzina langa likugunda m'malata, ndipo thupi linkafuna kudzuka lokha.

Leif anatembenuka kuyang'ana ku benchi. A Lorne anali atapinda manja, maso ali pa ayezi. Sanamuyang'ane, sanandiyang'anenso ine.

Pa nthawi yopuma, kaputeni wathu Dwayne Flett anaponya magolovesi pansi.

"Aphunzitsi, ifenso tili ndi mabanja. Tikuthamanga mpaka mapapo kupsa, kumbuyo kuli chitseko chosatseka. Madala ali pompano, avala kale."

Leif anali pakona, mutu uli pansi, atayamba kumasula zingwe za zotchingira miyendo.

"Ukumasuliranji?" anafunsa a Lorne.

"Ndimayesa kuti..."

"Manga. Golo ndi lako lero, ndi lakonso Lachitatu. Zilowe khumi, zilowe makumi awiri, utuluka pamodzi ndi anzako masewero akatha. Ku benchi kuno kulibe chako, usamayang'aneko." Kenako anatembenukira kwa Dwayne. "Iweyo chaka chako choyamba unagoletsa zingati?"

"Sindikukumbuka."

"Ine ndikukumbuka. Chimodzi, ndipo chinakugunda m'matako n'kulowa chokha."

Chipinda chinaseka, Dwayne yemwe anaseka, ngakhale kuti mkwiyo unali usanamuthere. Tikutuluka anagogoda chisoti cha Leif ndi ndodo. "Tiye Nsomba, katseke chitsekocho."

M'chigawo chomaliza Leif sanamwe chigoli. Sikuti anachita zodabwitsa, anangoima nthawi yaitali kuposa kale, ndipo kampira kanayamba kumugunda pachifuwa m'malo momudutsa. Tinagoletsa ziwiri, tinagonjabe. Anthu anatuluka akung'ung'udza.

M'kati mwa sabata imeneyo ndinalandira foni ya Mayi Klassen, amene ankayendetsa timu m'malo mwa eni ake. Anandipempha kuti tikumane m'mawa pa kanyumba ka khofi ka pafupi ndi njanji. Anali mayi wosazungulira nkhani.

"Timu ina ikufuna mnyamata uja," anatero. "Akutipatsa wosewera kutsogolo wodziwa kugoletsa. Ndikavomera, golo ndi lanu mpaka ligi ithe, mwinanso chaka chamawa. Eni timu akufuna ndivomere. A Lorne akukana. Inu ndinu amene mumakhala naye m'mawa uliwonse. Ndiuzeni zoona, a Remi."

Ndinayang'ana panja. Sitima ya tirigu inali kudutsa, yaitali ngati sidzatha. Ndinaganiza za chaka china chimodzi pagolo, za dzina langa likuimbidwa. Zinthu zimenezi zimakoma, asakunamizeni munthu.

"Lero lino ine ndimamuposa," ndinatero. "Mukafuna kupambana masewero a mwezi uno, ikani ine. Koma chisanu chikubwerachi adzafika pamene ine sindinafikepo, ngakhale muja ndinali mnyamata. Mukamugulitsa, mudzakhala mukumuonera akutitsekera golo atavala malaya a timu ina."

"Mukutsimikiza?"

"Ayi. Za mwana wa munthu palibe amatsimikiza. Ndikungonena zimene ndimaona m'mawa."

Mayi Klassen anazunguza supuni m'kapu. "Mukudziwa kuti tikalephera kulowa m'ndime ya makapu ya kumapeto kwa ligi, pali munthu amene achotsedwe ntchito?"

"A Lorne akudziwa?"

"Anandiuza okha."

Leif sanagulitsidwe. Sindinganene kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda. Panali masewero ena amene ankagwira ngati khoma, sabata yotsatira n'kumwanso zinayi zopusa. Koma ku benchi anasiya kuyang'anako. Akamwetsedwa ankatembenuka, kumwa madzi, kusesa ayezi wa pagolo ndi ndodo yake, n'kuimanso. Anayambanso kuyankhula, kukalipira otchinga kumbuyo akamuphimba maso. Tsiku lina anamukalipira Dwayne weniweniyo, ndipo Dwayne anabwera ku benchi akumwetulira.

"Mwamumva Nsomba, madala? Akuti ndichotse chimthupi changa pamaso pake."

"Ndiye chichotse."

Colleen anayamba kumuitana kunyumba Lamlungu lililonse lopanda masewero. Ankadya ngati anthu atatu, kenako n'kutsuka mbale zonse osauzidwa. Ana anga aakazi anamuphunzitsa masewero a makadi n'kumamubera poyera, iye osazindikira, kapena ankangowasiya.

Mwezi womaliza tinapambana masewero ambiri kuposa miyezi ina yonse, koma tinali titachedwa. Ndime ya makapu inatiphonya pang'ono. Chipale chitayamba kusungunuka, eni timu anawachotsa ntchito a Lorne. Ndinawapeza mu kaofesi kaja akulongedza makapu awo a khofi m'katoni.

"Si chilungamo chimenechi," ndinatero.

"Anthu analipira kuti aone timu yopambana, sanaione. Chilungamo chake n'chomwecho." Anandipatsa katoni kuti ndiwanyamulire. "Usamuuze mnyamata uja kuti ndachoka chifukwa cha iye. Akayamba kuganiza zimenezo ayambanso kugwada."

Leif anadziwa ndithu, sanali mwana. Anapita yekha kunyumba kwa a Lorne kukatsanzikana nawo. Zimene anakambirana sanandiuze, inenso sindinafunse.

Ine ndinapachika zotchingira zanga chilimwe chomwecho, ndipo Mayi Klassen anandilemba ntchito yophunzitsa a pagolo. Chisanu chotsatira Leif anagwira bwino kuposa wina aliyense mu ligi yathu. Nyuzipepala ya m'tauni inatamanda mphunzitsi watsopano chifukwa chokhulupirira achinyamata. Mkulu wa mathirakitala uja anandiimitsa ku sitolo n'kundiuza kuti iye anaona kalekale kuti mwanayo ali ndi tsogolo. Ligi isanathe, timu ya mu ligi yapamwamba inamuitana. Ndinamuperekeza ku bwalo la ndege pa galimoto yanga, ndipo njira yonse ankadandaula za galu wake, kuti kumeneko akamusunga kuti. Galuyo anatsala kwathu, ndipo alipobe.

A Lorne anabwerera kwawo, katauni kakang'ono ka kumadzulo, kumene mng'ono wawo ali ndi munda. Ndinakawaona Loweruka lina m'mawa, ndipo mlamu wawo anandilozera ku bwalo la ayezi la m'mudzimo. Ndinawapeza akuphunzitsa timu ya atsikana a zaka khumi. Theka la anawo linali litagwa pa ayezi, ena akuseka, mmodzi akulira chifukwa chisoti chimamuthina.

"Wabwera nthawi yabwino," anatero osandipatsa n'komwe moni. "Wapagolo wanga akuopa kampira. Amatseka maso."

"Ndabwera kudzacheza, aphunzitsi. Nsapato sindinatenge."

"Zili m'galimoto mwanga, zikukwana."

Ndinavala nsapatozo, zinali zazikulu pang'ono. Kamtsikanako dzina lake kanali Marnie, ndipo zotchingira miyendo zinkakafika m'chiuno. Ndinagwada patsogolo pake, maondo akudandaula, n'kukafunsa ngati kampira kanayamba kakapwetekapo.

"Ayi," kanatero. "Koma mchimwene wanga akuti kamapweteka."

"Mchimwene wako amasewera pagolo?"

"Ayi."

"Ndiye tiye tione tokha."

Ndinakaponyera pang'onopang'ono, kampira kakukwawa pa ayezi. Koyamba kanatseka maso, kachiwirinso chimodzimodzi. Tinapitiriza choncho mpaka makolo anayamba kufika kudzatenga ana, ndipo a Lorne anati tikadye kaye, msuzi wa mlamu wawo usanazizire.