Waya wa kuchipinda cha amayi

Patapita masiku makumi awiri chimwalirire atate ake, Ziad anawona kuti amayi ake sakupuma bwino. Unali mwezi wa Ogasiti, mzinda wonse wa Zarqa ukutentha ngati uvuni, ndipo amayiwo anali ndi mphumu. Iwo anali m'chikuta cha umasiye, miyezi inayi ndi masiku khumi, osagona kwina, osawonana ndi amuna adera. Makina oziziritsa mpweya anali kale pakhoma la chipinda chawo, koma soketi yake panalibe. Atate ake, amene anali mmisiri wa magetsi komanso womanga makoma a mabolodi, anati aika mawa. Mawalo anali m'manda.

Amayi anakana kuti mmisiri wadera alowe m'chipindamo. Ngakhale alamu awo a Mufid, mng'ono wa malemu, ankathera m'chipinda cha alendo, kuseri kwa khoma la mabolodi a jipisamu, n'kumalamula ali komweko. Iwo anati ntchitoyi n'njosavuta: kuswa khomalo ndi hamala, kupititsa waya, kumata pambuyo pake.

Ziad anakana. Khomalo linali ntchito yomaliza ya atate ake, losalala ngati dzira.

"Iwe injiniya wothawa koleji," anatero a Mufid uku akuwerenga mikanda yawo yopempherera, "mayi ako azibanika chifukwa ukumvera chisoni bolodi?"

"Sabanika, bambo aang'ono. Mundibwereke mikandayo."

Anayamba wazimitsa magetsi nyumba yonse. Kenako anakwera pamakwerero n'kutsegula kabokosi ka mawaya kamene kanali pafupi ndi denga, mbali ya alendo. Mbali ya amayi ake anadula kabowo ka soketi m'munsi mwa khoma. Chotsala chinali kutsitsa chingwe mkati mwa khomalo kuti chikokere waya, ndipo chingwecho chinkafuna cholemetsa choterera. A Mufid anadandaula kuti mikandayo inachokera ku Makka, koma anaipereka ndithu, akung'ung'udza.

Ziad anaimangirira kuchingwe n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Itafika pakati inagunda china chake n'kuima. Chinali chitsulo chopingasa chimene chinagwira mabolodi.

"Basi yapita mikanda yanga. Tenga hamala."

Ziad anagwirapo ntchito ndi atate ake tchuthi chilichonse, akunyansidwa nayo, poganiza kuti iye adzakhala wa muofesi. Koma maso ake ankawona. Atate akewo sankatseka khoma asanaboole chitsulo chopingasa, bowo limodzi, chikhatho chimodzi kuchokera kumanzere. Ankati pambuyo pako pamabwera mmisiri wina, usamuzunze. Ziad anamva kuwawa poganiza kuti mmisiri winayo ndi iyeyo.

Anapendeketsa chingwe kumanzere, n'kuchinyamula pang'ono, n'kuchisiya. Kachitatu anamva mikanda ikulowa pabowo umodziumodzi, ikulira ngati mvula yoyamba pamalata, ndipo chingwe chinathamanga m'zala zake.

"Amayi, pisani dzanja pakabowoko."

Kenako mawu a amayi ake anamveka kudzera m'khomamo, ofooka koma muli kanthabwala kawo kakale.

"Ndaigwira. Uwauze alamu anga kuti ikununkha fodya. Ku Makka amasuta?"

A Mufid anatsokomola n'kuyang'ana pawindo.

Ziad anamangirira waya wokhuthala kuchingwecho, anakulunga tepi pamfundo kuti isakodwe pachitsulo, n'kupita mbali inayo kukakoka. Wayayo anabwera bwinobwino. Analumikiza timawaya titatu tonse ta m'kati mwake, osaiwala kopita kunthaka, anamanga soketi, n'kuyesa kawiri monga ankachitira atate ake. A Mufid anafuula kuti asayatse asanatchule dzina la Mulungu. Ziad anali atatchula kale chamumtima.

Makinawo anang'ung'uza, ndipo mphepo yozizira inagwedeza nsalu ya kumutu kwa amayi ake. Iwo anakoka mpweya wautali osatsokomola, anagona cham'mbali pabedi, mbali yawo yokha, n'kumuuza kuti atseke chitseko kuzizirako kungathawe.

Ziad anatseka. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, manja ali mbuu ndi fumbi la jipisamu, akumvetsera amayi ake akupuma mpaka anayamba kuliza mkonono.