Mapuloti a M'munda wa Felista

A Januario anayamba kusowa mtendere tsiku limene alamu awo, a Hudson, anawapatsa moni atavula chipewa. Pa zaka zonse zimene anakhala pachikamwini m'mudzi wa kuseri kwa msika wa Nsaru, chipewa cha a Hudson sichinachokepo kumutu chifukwa cha iwo. Moni wa masiku onse unali wachilamu: "Mwadzuka, akuba alongo a eni?" Tsono munthu wotere akayamba kukulemekeza, dziwa kuti pali chimene chikufululidwa.

Gwero la zonse linali msewu. Nsaru inali itakula, nyumba zikungomera ngati bowa, wina khomo kuloza kuno, wina chimbudzi pakhomo pa mnzake. Ndiye kunabwera anthu a mapulani ndi ganizo lawo: minda ya kuseri kwa msika idulidwe mapuloti, pakati padutse msewu weniweni wa ngalande zake ndi mlatho pa dambo. Ndalama za msewuwo zinali zoti zichokere m'minda momwemo. Banja lililonse lipereke puloti imodzi kuti igulitsidwe, otsalawo alembedwe m'dzina la mwini munda.

Anthu anakana kwamtuwagalu. Amene anawatembenuza mitima ndi a Januario, chifukwa iwo dambo lija anali nalo mangawa. Akazi awo, Felista, anamwalira m'dzinja ambulansi itaima tsidya lina, madzi atasefukira, dalaivala akungoliza hutala. A Januario anayenda khomo ndi khomo, analankhula pambuyo pa Misa, analankhula pa maliro, mpaka anthu anatopa nawo n'kuwasankha kukhala wapampando wa komiti ya msewu. Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse, nthawi zina mopitirira muyeso.

Cholakwa chawo anachichita tsiku loyeza minda. Mayi wa mapulani, wachitsikana ndithu, wovala chipewa cha dzuwa, ankaima pa munda uliwonse n'kufunsa mwini wake anyamata asanakhome zikhomo. Atafika pa munda umene a Januario analima kuyambira ali ndi tsitsi lakuda, mayiyo anawayang'ana akumwetulira.

"Uwu ndiye wanu, eti, a tcheya?"

Akanangoti inde, palibe akanatsutsa. Koma a Hudson anali chilili pambali pawo, ndipo mkamwini woleredwa bwino sanganene kuti "wanga" mwini mbumba akumva. Lilime linangoyenda lokha mmene linazolowerera.

"Iyayi, mayi. Ine ndimangolima. Eni ake ndi awa."

Ankayembekeza kuti alamu awo aseka, anene kuti asiye zamanyazi. A Hudson sanaseke. Anayang'ana munda uja kuyambira ku mango mpaka ku dambo, pang'onopang'ono, n'kutsokomola. Kenaka anauza mayi uja kuti za dzina adikire kaye, apabanja akambirane.

Felista atamwalira, abale ake sanawasudzule a Januario monga mwa mwambo, kuwamasula kuti abwerere kwawo ku Kabudula. A Hudson omwewo ndi amene anati, "Mupita kuti, nkhalamba inu? Khalani muzitiwetera nkhuku." Nthawi imeneyo munda unali munda chabe, wobala chimanga ukaupatsa feteleza. Tsopano unali mapuloti a m'mbali mwa msewu, ndipo anthu a ku Lilongwe anali atayamba kale kuima ndi magalimoto awo n'kumaloza ndi makiyi.

Masabata otsatira anali owawa. A Januario ankatsogolera misonkhano ya komiti, kukangana za mlatho ndi za mchenga, koma khutu limodzi linali kumudzi. Akadutsa pa mjigo, amayi ankasiya nkhani. Akazi a Hudson anawatumizira mbale ya mbatata yovundikira bwino, chinthu chimene sanachitepo chimwalirire Felista, ndipo mbatatayo anangoivundikiranso osaidya. Ankadziuza kuti akungodziopseza okha. Kenaka anaona chimera chitayanikidwa pa mkeka kuseri kwa nyumba ya alamu awo, pamene panalibe ukwati kapena ubatizo umene iwo anamva.

Kangapo anafuna kupita kukafunsa. Ankafika mpaka pa khola la mbuzi n'kubwerera. Kodi akafunsa chiyani? Kufunsa ngati ukuthamangitsidwa n'kukumbutsa eni ake kuti angathe kutero, ndipo iwo anali atakumbutsa kale kamodzi.

Chiyembekezo chawo chinali Tiyanjane, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ankasoka zovala ku Lilongwe, akulera yekha ana awiri m'chipinda cha lendi. Mwa mwambo munda wa mayi ndi wa mwana wamkazi. Tiyanjane akanena kuti ababa akhale, ndani angatsutse? Anamuimbira foni. Mwanayo anafunsa za mwendo wawo, za nkhuku, za mvula, ndipo bambo ake atangotchula mapuloti, iye anati kwabwera kasitomala.

Lachisanu madzulo Tiyanjane anatsika minibasi pa Nsaru osawauza, n'kukafikira kwa atsibweni ake, a Hudson. Kwa bambo ake anangodzapereka moni, atagwada patali ngati mlendo. Loweruka mmawa, a Januario akusesa pakhomo, kabaza anaima pa mango. Anatsika Limbikani, mng'ono wawo wa ku Kabudula, atavala jekete la kutchalitchi.

"Kwagwanji kumudzi?" anafunsa a Januario, ngakhale mtima unali utadziwa kale.

"Kuli bwino, akulu. Andiitana eni kuno. Ndimayesa mukudziwa."

Tsache linawagwa m'manja. Anakakhala pansi pa khonde.

Mwambo unachitikira pabwalo la a Hudson, dzuwa lisanatenthe. Anthu anali ochepa: akuchikazi pa mikeka, amuna pa mipando, ndowa ya thobwa pamthunzi. A Januario anawapatsa mpando wabwino koposa, wa khushoni. A Hudson anaimirira chipewa chili m'manja, ndipo kunena zoona analankhula bwino. Munthu ameneyu pakamwa anapatsidwa.

"Alamu athuwa sitinawaonepo choipa," anatero. "Mlongo wathu anamusunga, anamudwazika, anamuika mwaulemu. Mudzi uno aupezera msewu. Ife ndiye tinalakwa powamangirira nthawi yonseyi ngati alibe kwawo. Lero tikuti, alamu, takumasulani. Mukafuna kukwatira, kwatirani. Mukakolola chimanga chanu, njira ndi yoyera."

Amayi anaomba m'manja mwaulemu, mofooka. Limbikani anayankha mawu oyenera, kuthokoza kuti m'bale wawo akumubweza wamoyo ndi wopanda mlandu. A Januario sanamve zambiri. Maso awo anali pa Tiyanjane, amene anakhala kumapeto kwa mkeka akukoka ulusi wa chitenje chake. Ankadikira kuti adzutse mutu, anene kuti pepani atsibweni, ine ndili ndi mawu. Thobwa linayamba kuyenda m'makapu mwanayo asanadzutse mutu.

Anthu atabalalika, a Januario anamupeza Tiyanjane kuseri kwa nyumba yawo, ataima pafupi ndi chikhomo chofiira chimene anyamata a mapulani anakhoma pambali pa nkhokwe.

"Unkadziwa, mwanangu?"

"Ndinkadziwa, ababa."

"Nanga osandiuza?"

Tiyanjane anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Mawu ake anatuluka otsika koma osanjenjemera, ngati anawayeserera m'minibasi njira yonse.

"Atsibweni ankafuna kulembetsa dzina lawo. Akuti munda ndi wa mbumba yonse, ndipo inu munavomera nokha pamaso pa anthu. Ndinakana, tinakangana mpaka akazi awo analowererapo. Pomaliza anati dzina langa lilembedwe, koma inu musudzulidwe. Akuti mukakhala pano mudzakwatira, mkaziyo adzabereka, mapuloti adzapita kwa alendo."

"Ine kukwatira? Ndi mwendo uwu?"

"Ndinawauza. Sanamve." Anayang'ana chikhomo chija. "Anati ndisankhe. Ababa, ana anga akugona pansi pa mashini osokera. Ndinavomera."

A Januario anafuna kukwiya, ndipo mkwiyo unabweradi, wotentha, mpaka m'makutu. Koma unasowa pogwera. Anaganiza za adzukulu awo awiri aja, za chipinda chimene anachiona kamodzi, chopanda windo, chonunkha makala. Akanakhala iwo, akanasankha chiyani? Chimene chinawapweteka koposa n'chakuti mwanayo sanalakwe.

"Wachita bwino," anatero. "Puloti yopereka ku msewu usankhe ya kumunsi, ya ku dambo. Ya ku mango usalole, m'pamene pali nthaka youma yomangapo."

Tiyanjane analira tsopano, mokweza, atagwira nkhokwe. Bambo ake anamusiya alire. Anazungulira nyumba pang'onopang'ono, akukoka mwendo, n'kukapeza Limbikani atakhala pa khonde, jekete atalipinda pa maondo.

Anakhala pambali pake. Onse awiri anayang'ana mzere wa zikhomo umene unatsetsereka kulowera ku dambo. Ku Kabudula a Januario anachokako ali mnyamata. Munda wa mayi awo unagawidwa kalekale kwa alongo awo ndi ana awo, ndipo ana a masiku ano kumeneko ankawadziwa ngati agogo a ku Nsaru obwera pa maliro.

"Tandiuza zoona, Limbikani," anatero osamuyang'ana. "Kumudzi kuli poti munthu n'kugona?"

Limbikani anatembenuza jekete lija, n'kulipindanso. Anayamba kunena za nyumba ya mphwawo wina, n'kukumbukira kuti muli anthu a lendi. Anatchula ya malemu alongo awo aakulu, n'kudzitsutsa yekha kuti inagwa chaka chatha.

"Kuli kakhitchini ka achemwali a Rozaria," anatero pomaliza. "Tikachotsamo nkhuni. Sikadontha kwambiri."