Chipinda cha Mawa

Mayi a mapasa anali kusita malaya pamene foni inalira. Anali achimwene awo, akuimba ali kuchipatala. Anati madokotala anena kuti amayi atuluka Lachisanu. Dzanja ndi mwendo wakumanzere sizinabwerere bwino, koma akutha kuima ndi kuponya phazi ngati pali chogwira. Kwa achimwenewo kunali masitepe ambiri, kwa mng'ono wawo kunali chipinda chimodzi ndi ana anayi. Nanga amayi apite kuti?

"Abwere kuno, malo alipo," anayankha mayi a mapasa. Atadula foni anamva fungo la kupserera. Pa kolala ya malaya a amuna awo panali patatsala chidindo cha nsimbi.

Malo analipodi, koma anali ndi eni ake. Kumapeto kwa nyumba kunali chipinda chimene mapasa, asanapite kukoleji, anachitcha chipinda cha mawa, chifukwa chilichonse cholowa mmenemo bambo awo ankati achimaliza mawa. Bambowo anali kalipentala, ndipo ntchito za anthu ankamaliza pa tsiku lake. Za pakhomo pawo ndiye ayi. Munali mpando wa miyendo itatu, kabati yopanda zitseko, theka la shelefu, njinga yopanda matayala, ndi matabwa osawerengeka otsamira khoma. Kwa zaka zambiri mayi a mapasa podutsa pakhomopo ankangopemphera kuti Ambuye awagwire lilime. Lilime linagwidwadi, koma mawuwo sanapite kutali. Anangokhala mumtima, naunjikana ngati matabwawo.

Linali Lachiwiri. Amuna awo anali kutali, akukhoma denga la sukulu ina, ndipo ankabwera Lachinayi. Sanawaimbire za chipindacho. Yankho ankalidziwa kale: musakhudze, ndikubwera.

Lachitatu anaitana mayi akuseri, mnansi wawo wamasiye amene ankaphikira nkhuni. Mayiwo anabwera atamanga kale mpango, ndipo ataona mpando uja anafunsa ngati unali wokhazikapo alendo osafunika. Anatulutsa zinthu mpaka masana. Mpando ndi kabati anaziika pakhonde, matabwa onse anati apite kuseri akathandize pamoto. Kumbuyo kwa chitseko kunali mitengo iwiri yaitali, yobulungira, yosalala ngati chigwiriro cha khasu lakale. Mayi akuseri anaisisita nati iyi ikuoneka yatsopano, mwina asiye kaye.

"Zonse muno tsiku lina zinali zatsopano," anatero mayi a mapasa. "Tengani."

Mmawa wa Lachinayi anakolopa chipindacho, nayala bedi, napachika katani yoyera. Potuluka anati asunthe mpando uja pakhonde, ndipo pounyamula anautembenuza. Kunsi kwake kunali zolemba za pensulo. Ankadziwa kuti amuna awo kuntchito amalemba pathabwa pamene alekezera, kuti mawa asayambe kuyeza kachiwiri. Sankadziwa kuti amalembanso chifukwa chake. Panali tsiku, ndi mawu akuti: watsala mwendo umodzi, ndasiya, ana akubadwa lero.

Anakhala pansi pa simenti. Kenako anakwawira kumbuyo kwa kabati. Nakonso kunali pensulo yomweyo, zilembo zopendekeka: zatsala zitseko, matabwa ake ndapangira bokosi la apongozi aamuna.

Zinali zaka zisanu ndi zinayi chimwalirire bambo awo owabereka. Anakumbukira kuti bokosi linangofika mmawa, lopalidwa bwino, ndipo m'chipwirikiti cha maliro palibe anafunsa kumene lachokera. Zaka zonsezo iwo ankayang'ana kabatiyo ngati umboni wa ulesi. Anatsegula dilowa yake imodzi yokhayo. Munali juzi la buluu la mkono umodzi, singano zake zili chizikire, litakulungidwa mupepala kuti njenjete zisalidye. Anayamba kuliluka okha chaka chimene anakwatiwa, la amuna awo, ndipo ankayesa kuti linatayika.

Apo ndi pamene anakumbukira mitengo iwiri ija. Anathamanga osavala nkomwe nsapato.

Anapeza mayi akuseri atagwira kale ntchito. Nkhwangwa inali chitsamire, mitengo ili zidutswazidutswa, ziwiri zili kale pamoto pansi pa poto wa madzi. Anatembenuza chimodzi chimodzi mpaka anapeza cholembedwa: zogwirira za apongozi, kuchokera pabedi mpaka kubafa, msinkhu ndi thumba la buluku langa, zatsala zomangira kukhoma. Tsiku lake linali Lamlungu lapitalo.

Mayi akuseri sanafunse zambiri. Anazula pamoto chidutswa chimene chinali chitangoyamba kuda, nachithira madzi, nathandiza kukulunga zotsalazo munsalu. Pachipata anangonena kuti nkhwangwa yawo ndi yakuthwa, mwina ndi mwayi, yadula mosaphwanya.

Bambo a mapasa anafika dzuwa likadalipo, chikwama cha zida chili paphewa, utuchi uli m'tsitsi. Za Lachisanu anali atamva kale kwa alamu awo. Anaima pakhomo la chipinda cha mawa, nayang'ana bedi, katani, pansi ponyezimira.

"Mwagwira ntchito," anatero.

Kenako anasuzumira kumbuyo kwa chitseko. Mitengo ija panalibe. Mayi a mapasa akanakonda akanawakalipira. Anawatsogolera patebulo pamene anayala zidutswa zija, zisanu ndi ziwiri, chimodzi chakuda kumapeto.

Mayi a mapasa anawafunsa kuti anadziwa bwanji kuti amayi abwera kuno, pamene ngakhale ana awo anali asanakambirane. Bambowo anayankha kuti sizinafune nzeru: masitepe ali kwa alamu, ana ali kwa mng'ono wanu. Tsiku limene anakawazonda kuchipatala, namwino anawauza kuti wodwala wotere akapeza chogwira amadziyendera kubafa, ndipo akasowa amangogona, nayamba kudziona ngati katundu. Apongozi ataimiritsidwa, iwo anaima pambali pawo ngati akuthandiza kusuntha botolo la madzi, naona pamene dzanja lawo labwino likufika. Tepi yoyezera sakanaitulutsa pamaso pa anthu.

"Nanga osandiuza?"

"Ndimati ndikuuzeni zikatha. Za mawa munatopa nazo kumva."

Anatulutsa tepi nayamba kuyeza zidutswazo, milomo ikuyenda. Anati njira yonse sizikwana, koma zinayi ndi zazitali ndithu: china pabedi, china pakhomo, ziwiri kubafa. Pakati pamene patsale mpata aika mpando woti apumirepo, ngati mpandowo sunapite pamoto nawonso. Chidutswa chopsereracho chikhoza kukhala mwendo wake wachinayi. Ukhala ndi mwendo wakuda umodzi, koma apongozi si munthu wosankha.

Tiyi anamukana. Anavula jekete, nayamba kuboola khoma la chipindacho, fumbi likugwera pansi pokolopa paja. Mayi a mapasa sanatenge tsache. Anagwira chidutswa choyamba pamalo pake ndi manja awiri, pa msinkhu wa thumba la buluku, pamene amuna awo ankamanga. Zolemba zija zinali kunsi, zikukhudza zala zawo.

Kupepesa kwa Mulungu ankakudziwa, ankachita tsiku lililonse chamumtima. Kwa munthu amene anali pafupi chonchi, akupuma movutikira ndi sikuludilaiva m'manja, kunali kwina. Anadikira kuti amalize kumanga mbali imodzi.

"Bambo a mapasa," anatero, mawu akumveka bwino m'chipinda chopanda katundu. "Ndawerenga kumbuyo kwa kabati. Zaka zonsezi ndakhala ndikukunenani mumtima. Za mitengoyi, ndi za kabati yomwe, ndikhululukireni."