Mkazi Wako Sapitirira Loweruka

Foni inanjenjemera kachitatu pampando pamene Stephano anaisiya, ndipo Tamanda analeka kusesa. Mwamuna wakeyo anali kubafa, akuimba nyimbo ya chilankhulo chimene ngakhale mwini wakeyo sankachimva. Tamanda sanali mkazi wofufuza m'foni ya mwamuna. Zaka ziwiri za banja anali asanayerekezepo. Koma m'mawa wa Lachitatu limenelo diso linangogwera pagalasi la foniyo, ndipo pamwamba panali pataonekera mawu awa.

"Stephano, limba mtima m'bale wanga. Mkazi wako sapitirira Loweruka. Ine ndaona kale mathero ake."

Wolemba anali Dave wa ku Mponela, mnzake wa Stephano, yemwe anavina mpaka kung'amba nsapato pa ukwati wawo. Tamanda anakhala pansi pang'onopang'ono, monga amakhalira mayi wa pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, natsegula uthengawo. Linali gulu la pa WhatsApp la anthu oposa makumi atatu, dzina lake Akatswiri a Kumapiri. Pansi pa mawu a Dave wina anali ataika tinkhope tolira. Wina analemba kuti, "Koma Naphiri ameneyu ndimamumvera chisoni, sanalakwire munthu."

Naphiri linali dzina lake la mfunda, limene Stephano ankamuitanira akakhala kuti wakondwa.

"Musalire magaye," anatero wina wotchedwa Samueli. "Akafa timudzutsa ndi modi, azitigwirirabe ntchito."

Ndipo chapamwamba pang'ono panali mawu a Stephano mwini, a dzulo lake: "Chitenje chake ndinatenga kale. Chatsala ndi mawu ake okha."

Chitenje chobiriwira cha nkhanga chinali chitasowa milungu itatu yapitayo. Tamanda anali atachifuna pachingwe, kuseri kwa bedi, mpaka anasiya kupatsana moni wabwino ndi mkazi wa nyumba yoyandikana nayo.

Anabwezera foni pampando, natenga tsache.

"Naphiri, mwadzuka bwanji ndi mlendo wathuyo?" anatero Stephano potuluka kubafa, thaulo lili pakhosi. Anatambasula dzanja kuti agwire mimba, koma Tamanda anachita ngati wawerama kutola kanthu. "Tamverani, tanenani kuti 'tiyeni tizipita' mokweza pang'ono, ndikujambuleni mawu."

"Mawu anga mukufuna mukatani nawo?"

"N'zachibwana chabe. Mudzaona zikatha."

"Kukhosi kwandiuma lero."

Stephano anangoseka, namwa tiyi chiimire, n'kukwera njinga kupita kushopu.

Shopu yake inali pamsika wa Malomo, kachipinda kamodzi kotchajira mafoni ndi kuikiramo anthu nyimbo ndi magemu. Kale ankakhala tsiku lonse akuingitsa ntchentche. Koma mwezi umenewo achinyamata ankachita kuunjikana pakhomo, ena ochokera ku Ntchisi boma, ndipo anthu anali atayamba kunena kuti mwana wa a Banda wapeza pogwira. Tamanda anali wa kwaya, ndipo nkhani za kukhwima ankazitsutsa poyera. Anzake akamasimba za munthu amene anapereka mkazi wake kuti malonda ayende, womwalirayo n'kusandutsidwa ndondocha yogwira ntchito osalankhula, iye ankati zimenezo n'zonena anthu ansanje. Koma mawu aja anali atawawerenga ndi maso ake, ndipo chitenje chinalidi chitasowa.

Sanakuwe, sanauze wa pafupi. Anaika zovala ziwiri ndi buku la sikelo m'jumbo, nakwera kabaza kutsetsereka kumudzi kwa mlongo wake Andreya, amene analinso nkhoswe ya banja lawo.

Anamupeza m'chigafa akusankha fodya pamodzi ndi mkazi wake Marita. Andreya anamvetsera nkhani yonse tsamba lili m'manja, osalitula.

"Modi n'chiyani?" anafunsa pomaliza.

"Ndikanadziwa bwenzi nditabwera kuno, achimwene?"

"Ndi mankhwala amenewo," anatero Marita. "Mankhwala oopsa onse amakhala ndi maina afupiafupi. Mlamu, ine ndinaona kalekale. Munthu wamkulu n'kumaseka yekha ndi foni? Pofuka utsi pali moto."

"Mfiti zimene ndinazimvapo ine sizilemberana makalata anthu makumi atatu akuwerenga," anatero Andreya.

"Zimenezo n'zakale. Za lero zili ndi bando ya intaneti."

Andreya anaika tsamba lija pamulu wake, napukuta manja pabuluku. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tamanda, ugona kuno. Mawa tikamufunse masana, pamaso pa anthu. Ngati pali chobisika, nkhope idzanena."

Tsiku limenelo Stephano anaimba kasanu ndi katatu. Tamanda ankangoyang'ana foni ikulira pamphasa. Pomaliza Andreya anayankha yekha kuti, "Ali kuno, alamu, ali bwino. Tionana mawa kushopu."

Anafika Lachinayi dzuwa lili pamutu. Pabenchi la pakhomo panali anyamata anayi atazunguliza mitu pafoni imodzi. Stephano anadzambatuka atawaona. Maso ake anali ofiira, ndipo malaya anali omwe aja a dzulo.

"Naphiri, ndakulakwirani chiyani?"

Tamanda anaima kumbuyo kwa mlongo wake, jumbo lili pachifuwa.

"Alamu," anatero Andreya, "ine sindinabwere ndi mlandu. Ndabwera ndi mawu atatu kuti mundimasulire. Loweruka. Chitenje. Modi."

Stephano anayasama. Anayang'ana Andreya, nayang'ana mkazi wake, kenako anagwira kumutu ndi manja onse awiri. Pabenchi paja wina anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

"Mayo ine. Munawerenga za Dave zija? Lowani, alamu, lowani muone nokha."

Pathebulo panali kompyuta yophimbidwa ndi nsalu kuopa fumbi. Nsaluyo inali yobiriwira, ya nkhanga. Stephano anaichotsa mwamanyazi, naiika pampando, n'kuyatsa kompyuta. Pagalasi panatulukira mtsikana wojambula, wa maso aakulu ngati a kadzidzi, lupanga lili kumsana. M'chiuno anali atamanga chitenje chobiriwira cha nkhanga, ndipo pamwamba pa mutu wake panalembedwa kuti Naphiri.

Stephano anafotokoza mothamanga, mawu akupunthwitsana. Nkhani ya mtsikanayo inayamba ngati buku la zithunzi ku Japan, kenako anaipanga gemu, ndipo tsopano ankaitulutsa ngati katuni, gawo limodzi Loweruka lililonse. Dave anali atawerenga bukulo mpaka kumapeto, ndipo Dave pakamwa pake sipakhala chitseko. Modi ndiko kusintha gemu ya eni ake kuti ifanane ndi kwathu kuno. Stephanoyo anajambula chitenjecho n'kumuveka mtsikanayo, ndipo poti dzina lake lenileni linali lopinda lilime, anamutcha Naphiri. Kuyambira pamenepo gulu lonse linkangoti mkazi wa Stephano. Achinyamata ankaunjikana pakhomo pofuna gemu yomweyo ya chitenje.

"Nanga zomudzutsa akafa?" anafunsa Andreya.

"Mugemu akafa sungasewerenso naye. Ndiye Samueli akukonza zoti azikhalapobe. Basi, alamu. Mawu aja ndimafuna kuti akamathamanga azilankhula Chichewa."

Andreya anayang'anitsitsa mtsikana wa lupangayo nthawi yaitali. Sanali munthu wogula mbuzi ili m'thumba.

"Muimbireni Daveyo, tonse tizimva. Musamuuze kuti tilipo. Mumufunse kuti mkazi wanu afa bwanji."

Foni inaitana kawiri.

"Dave, tandiuza. Mkazi wanga afa bwanji?"

"Aaa, lero wafuna wekha? Usadzandinene ine! Chinjoka chija cha mitu itatu chimugwetsa pamlatho, iye akuteteza kamfumu kopusa kaja. Koma m'buku zinali bwino, aise. A katuniwa aononga, adula nkhondo yonse ya m'phanga, ndiye nyimbo aikamo ngati ya pa chinkhoswe..."

Pabenchi paja anaphulika nacho chiseko. Andreya naye anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Chabwino," anatero. "Njoka ya mitu itatu kuno ku Malomo sindinaimvepo. Tamanda, wamva wekha."

Tamanda anali atamva. Mantha amene anagona nawo anatsika ngati madzi a mumtsuko wobooka. Koma atatsika, pansi panatsala kanthu kena kamene iye sanadziwe kuti kanalipo. Anayang'ana mtsikana wa pagalasi, wa chiuno chonga cha mavu, atatchena chitenje chake. Anadziyang'ana mapazi otupa m'mapatapata. Anatenga chitenje chija pampando, nachikung'untha fumbi, n'kuyamba kuchipinda bwinobwino.

"Milungu itatu ndakhala ndikuchifuna. Ndinadana nacho ndi anthu. Ndinachisungira kuti ndidzaberekere mwana."

"Pepani, Naphiri. Ndinaiwala kubweza. Komatu ndinamutcha dzina lanu chifukwa cha chikondi."

"Ndamva. Tsiku lofera Naphiri wanuyo mukulidziwa, gulu lonse likulidziwa. Nanga tsiku langa la sikelo ndi liti?"

Chiseko cha pabenchi chinazima. Stephano anayang'ana kalendala ya pakhoma ngati kuti imunong'oneza.

"Si... Lachisanu?"

"Lolemba. Anamwino anena katatu konse kuti tizibwera ndi amuna athu. Katatu konse mumati kushopu kuli anthu." Anaika chitenje m'jumbo. "Loweruka lirani maliro anu bwinobwino, ine sindikusokonezani. Ndikhala kwa achimwene. Lolemba ndikakupezani kuchipatala, tibwerera limodzi kunyumba."

Stephano anatembenukira kwa Andreya kuti amuthandize. Andreya anali akuvala chipewa.

"Ine mawu anga atatu mwandimasulira, alamu. Achinayiwa si anga."

Lolemba Tamanda anatsika kabaza pageti la chipatala dzuwa litangoyamba kutentha. Pakhonde la sikelo panali amayi odzaza mabenchi awiri, ndipo kumapeto kwenikweni, pakati pa mayi woyamwitsa ndi mtsikana wosanza, panali Stephano, mawondo ataphatikiza, malaya ositidwa. Anali atamusungira malo poikapo chipewa. Foni inkanjenjemera m'thumba mwake mosalekeza, iye osaigwira.

Tamanda anakhala pansi, namupatsa buku la sikelo kuti anyamule. Mzere unkasuntha pang'onopang'ono.

"Naphiri wanu uja anamwaliradi?" anafunsa Tamanda osamuyang'ana.

"Anamwalira. Pamlatho pomwepo."

"Pepani ndithu." Anakonza chitenje chobiriwira pamimba pake. "Ndiye mwatsala ndi mmodzi. Mumusamale, ameneyu alibe modi."