Dzina la Kumene Kulibe Kanthu

Jeremiah anaphunzira ku seminale zaka zingapo, koma anamubweza chifukwa cha chifuwa. Anafika kwawo ku Mitundu ndi Chilatini chodzaza mutu, n'kuyamba kulima fodya ngati wina aliyense. Kenaka mkazi wake Zipora anamwalira, Misa inayamba kuchitika m'Chichewa, ndipo wansembe wokalamba yemwe ankacheza naye anabwerera ku Ulaya. Chilatini chija chinasowa wochimva.

Mnzake amene anatsala anali Abdulrazak, Myao wa sitolo ku Nathenje, munthu wokonda kukangana za mawu. Loweruka lililonse Jeremiah ankapalasa njinga mtunda wonsewo kukagula mchere ndi palafini, zinthu zoti ku Mitundu zinali mbwee.

Mu Julaye 1969 anapeza anthu ataunjikana pakhonde la sitoloyo, kumvera wailesi. Inkafotokozanso za azungu amene anaponda pamwezi sabata imeneyo. Ena ankati ndi bodza. Anthu atabalalika, awiriwo anatsala pabenchi akuwothera dzuwa, mphepo ikuwulutsa fumbi pamsewu.

"Wowulutsa uja akuti anadutsa mumlengalenga," anatero Jeremiah. "Mlengalengatu ndi mowuluka akabawi. Iwowa anafika kopanda ndi mpweya womwe."

"Ndiye kuthambo."

"Thambo ndi ili tikuliwonali, Che Abudu."

Abdulrazak anakanda ndevu. "Ku madrasa tinkati samaa. Azungu a pawailesi akuti sipesi. Nanga Chiroma chanucho chimati chiyani?"

Jeremiah anawongoka. Panali patapita nthawi yaitali munthu asanamufunse zotere. Anatchula caelum, koma anati liwu limenelo ndi la kokhala angelo. Anatchula aether, mpweya wowala wa kutali. Kenaka anakumbukira lina limene analipeza m'ndakatulo yakale.

"Inane. Ndiye kuti kopanda kanthu."

"Mwati inane?" Abdulrazak anawomba m'manja, kuseka mpaka kutsokomola. "Ife Ayao kumwamba timati kwinani! Aromawo anadzera kwathu, a Jeremiah!"

Anaseka onse. Atatha, Abdulrazak anati oyendawo analipo atatu. Awiri anatsika, mmodzi anatsala m'chombo akuzungulira yekha, ndipo akapita kuseri kwa mwezi ngakhale wailesi sinkamupeza.

"Ndiye ankayankhula ndi ndani?" anafunsa Jeremiah.

"Kaya." Abdulrazak anayang'ana kumsewu. "Achimwene, ine ndikupita kwathu ku Namwera. Mayi a kunyumbawa miyendo yawavuta, akufuna akakhale pafupi ndi abale awo. Sitolo ndagulitsa."

Jeremiah anangoti, "Chabwino, mwaganiza bwino." Anamangirira botolo la palafini pakaliyala mosamala kwambiri, n'kumasula, n'kumanganso.

Mwezi wotsatira anapalasabe ulendo wa ku Nathenje. Pakauntala anapeza mwini watsopano, bambo wina dzina lake Gilibati, waulemu ndithu koma wotanganidwa.

"Tikuthandizeni chiyani, bambo?"

"Mchere."

Jeremiah anaima pang'ono atalandira kaphukusiko. Anafuna kufunsa ngati bamboyo anamvako za anthu a kumwezi aja, koma kumbuyo kwake kunali mayi wofuna sopo, ndipo anapatuka kuti adutse. Anakhala pabenchi mpaka mthunzi unamupeza, kenaka anakankha njinga yake kulowera njira ya ku Mitundu. Pachitunda choyamba anatsika n'kumayenda pansi, poti chifuwa chinali chitayambanso.