Nkhope ya Martina

Blasius anayala zithunzi zisanu ndi zitatu patebulo la pakhonde, n'kuzipsinja ndi timiyala kuti mphepo isaziulutse. Anali atazitsuka yekha m'mawa womwewo m'kachipinda kake kamdima, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Balaka. Mwini zithunzizo anaima chapatali, chipewa chili m'manja. Dzina lake anali Elliam, ndipo anali atayenda masiku atatu wapansi kuchokera kugombe la nyanja ya Chiuta. Munali mu Januwale wa 1950, njala itafika posauzana, ndipo malaya a mlendoyo ankangolendewera ngati awayanika pamtengo.

"Kamerayi munaitenga kuti?" Blasius anafunsa.

"Ku Halale, bambo. Ndinkaphikira mzungu. Pochoka anandipatsa, pamodzi ndi mafilimu awiri, koma kagwiritsidwe kake sanandionetse."

"Zikuchita kuonekeratu."

Blasius anaphunzira kujambula kwa ansembe akumishoni asanapite kunkhondo, komwe anabwerako ndi mwendo wolumala ndi lilime lakuthwa. M'Balaka monse ankadziwika kuti sanyengerera munthu. Anatola chithunzi choyamba.

"Apa munayang'anitsa kamera kudzuwa. N'chifukwa chake anthuwa ada ngati makala. Apa munaima kutali, ngati mukuopa kuti akulumani. Nyanja yonse yalowa, mabwato alowa, koma munthu wangokhala ngati nyerere. Nanga apa?" Anaseka pang'ono, akuloza timizukwa tiwiri ta mbuu patsogolo pa thandala la nsomba. "Dzanja linkanjenjemera. Awa ndi anthu kapena zitsa?"

Elliam anayang'anitsitsa chithunzicho.

"Ndi Wyson ndi Bernadetta, ana anga. Ndinawajambula chaka chatha, chakudya chisanathe. Tinawaika m'manda mu Disembala, sabata imodzi onse awiri."

Blasius analeka kuseka. Anayang'ananso chithunzicho, akufunafuna diso, mphuno, kanthu kalikonse koti bambo angati uyu ndi mwana wanga. Panalibe. Mankhwala onse a m'kachipinda kake sakanatha kubweza zimene filimu sinagwire.

"Iyayi, komatu sizoipa kwenikweni," anayamba kukonza mawu. "Mukaziyang'anitsitsa bwino..."

"Musandinamize, bambo," Elliam anamudula mofatsa. "Maso ndili nawo. Ana anga ndawataya kawiri. Kunyumba kwatsala mayi awo, a Martina, ndipo miyendo yayamba kale kutupa. Filimu yanditsalira imodzi. Ndabwera kuti mundiuze pamene ndikulakwitsa."

Blasius anabweza chithunzicho patebulo. Mtima wina unkamuuza kuti amubweze munthuyu msanga ndi mawu ozuna, akakhale pambali pa mkazi wake m'malo motaya nthawi ndi bokosi lakuda. Akanakhala ndi miyendo iwiri yabwino akanapita yekha, koma ulendo wa ku Chiuta sakanautha. Chimene akanatha kupereka chinali choonadi chokha basi. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

"Khalani pansi," anatero, ndipo mawu ake anali atatsika. Anasankha chithunzi china. "Onani ichi. Chada, inde, koma munagwada kuti mulingane ndi msinkhu wa ana. Zimenezo palibe anakuphunzitsani, ndipo ambiri sazidziwa. Diso muli nalo. Chikukuvutani ndi kuwala ndi dzanja."

Anakoka mpando n'kuuika pakhomo, pamene mthunzi wa denga unkathera.

"Tiyese kuti mayi akhala apa. Musawaike padzuwa, adzatsinzina. Akhale mumthunzi, nkhope italoza kunja kowala, inu dzuwa lili kumsana kwanu. Muwerenge mapazi anayi kuchokera pamene akhala. Mukayandikira kuposa apo, kamera iyi siona bwino. Nyanja isiyeni, idzakhalapo mpaka kalekale. Inu mukufuna nkhope."

Anamupatsa kamera yopanda filimu.

"Itsamizeni pamimba. Zigongono zigunde nthiti. Tulutsani mpweya, muugwire, kenako dinani pang'onopang'ono ngati mukukhudza chilonda."

Elliam anadina. Kamera inagwedezeka.

"Bwerezani."

Anabwereza kakhumi, kenako kakhumi kena, akujambula mpando wopanda munthu, thukuta likuyenderera m'masaya okumbika. Dzanja linali la munthu wanjala, ndipo silinkamvera. Pamapeto pake Blasius anamuuza kuti akafika kwawo akagadamitse mtondo, akakhazikepo kamerayo. Anamugawira chinangwa chouma chodzaza manja awiri, n'kumuuza kuti anyamuke dzuwa lisanapendeke.

Panadutsa masabata awiri. Tsiku lina masana, Blasius atakweza maso anaona Elliam ataimanso pamalo omwe aja. M'mutu anali atameta mpala. Blasius anadziwa kuti kwagwa maliro. Analandira filimu ndi manja awiri n'kulowa m'kachipinda.

Sanagwirepo ntchito ndi mantha otere. Zithunzi zisanu zoyamba zinali zogwedezeka. Chachisanu ndi chimodzi chinadula mutu pamphumi. Koma ataviika pepala lachisanu ndi chiwiri m'mankhwala, nkhope inayamba kutuluka pang'onopang'ono: mpango womangidwa mwaluso, mphini ziwiri patsaya, milomo yong'aluka, ndi maso akuluakulu olowa m'kati, akuyang'ana mwamuna wake mosaphethira. Chilichonse chinaoneka, ngakhale mitsempha ya m'khosi. Njala yonse ya chaka chimenecho inali pankhope imodzi.

Anachitsukuluza m'madzi, n'kuchipanika pachingwe cha pakhonde.

Elliam anayandikira, manja ali kumbuyo ngati akuopa kuchidetsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mpangowo anamanga okha," anatero. "Anati asaoneke ngati wodwala. Ndinawauza kuti asagwedezeke, monga munanenera muja. Anaseka, amvekere, 'Mphamvu zogwedezekera ndizitenga kuti?' Anatisiya tsiku lachitatu lake." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Ndiuzeni, bambo. Pamenepa ndalakwitsa pati?"

Blasius anafufuza moona mtima, monga ankachitira ndi chithunzi chilichonse. Anayang'ana kuwala, anayang'ana m'mphepete monse. Zaka makumi awiri ali pantchitoyi, iye mwini anali asanajambulepo nkhope yotere, ndipo analakalaka akanapanda kuiona.

"Palibe," anayankha. "Palibe choti ndikonze."

Elliam anagwedeza mutu, natambasula dzanja kuti achitenge.

"Dikirani pang'ono," Blasius anamugwira mkono. "Sichinaume."

Amuna awiriwo anakhala pansi pakhondepo. Pepala linkagwedera pang'ono ndi mphepo, ndipo madzi ankatsetsereka pamasaya a Martina, n'kumadontha limodzilimodzi m'fumbi.